Umboni wa Wodwala M'bwalo la Ndale

M'mwezi wa Okutobala chaka cha 2006, kutatsala milungu yowerengeka kuti anthu a ku America asankhe aphungu awo, pa wailesi zakanema za m'chigawo cha Missouri panaoneka uthenga waufupi wokopa ovota. Woyankhula anali Michael J. Fox, katswiri wa mafilimu amene anatchuka m'zaka za m'ma 1980. Thupi lake linkagwedezeka, mutu ndi mapewa zikupendekera uku ndi uku, pamene ankapempha anthu kuti avotere Claire McCaskill wa chipani cha Democratic kukhala phungu wa Nyumba ya Senate m'malo mwa Jim Talent wa chipani cha Republican. Chifukwa chake chinali chakuti McCaskill ankagwirizana ndi kafukufuku wa maselo otengedwa m'miluza ya anthu, amene Fox ankakhulupirira kuti angathandize kupeza mankhwala a matenda ake a Parkinson. Pa 23 Okutobala, muulutsi wa pa wailesi Rush Limbaugh anauza omvera ake miyandamiyanda kuti Fox ankakokomeza matendawo, ndi kuti mwina anasiya dala kumwa mankhwala kapena ankangochita sewero. Anthu ambiri anapsa mtima. Mkwiyowo unazirala pakapita nthawi, koma funso limene unadzutsa lidakalipo: kodi munthu wotchuka amene akudwala akalowa m'bwalo la ndale kukamenyera kafukufuku wa mankhwala, n'kulakwa kumutsutsa?

Pali mayankho awiri amene amabwera msanga. Loyamba limati munthu amene ali pa ululu sayenera kuyankhidwa mwaukali, ndipo aliyense womutsutsa ndi wouma mtima. Lachiwiri limati amene walowa m'ndale wadzivula yekha chitetezo chonse, choncho alandire chilichonse chimene amuponyera monga amachitira andale anzake. Mayankho onsewa ali ndi vuto limodzi: amatenga zonse zimene wodwalayo wanena n'kuziika m'dengu limodzi. Munthu wodwala akaima pagulu amanena zinthu za mitundu iwiri. Amanena zimene thupi lake likumva, ndipo amanenanso zimene akuganiza kuti boma lichite. Pa zoyambazo iye ndi mboni yoona ndi maso, ndipo womunena kuti ndi wabodza ayenera kubweretsa umboni wolemera. Pa zachiwirizo iye ndi nzika monga wina aliyense, ndipo maganizo ake akhoza kuyesedwa, kutsutsidwa, ngakhale kukanidwa. Pa bwalo la milandu mboni imamvedwa mwaulemu, imafunsidwa mafunso, koma siipatsidwa mpando wa woweruza. Chimodzimodzinso ndi wodwala wotchuka.

Kuti kusiyanaku kumveke, ndi bwino kuyamba ndi matendawo. Matenda a Parkinson, amene dokotala wa ku London James Parkinson anawalongosola m'chaka cha 1817, amabwera pamene maselo a mu ubongo opanga dopamine ayamba kufa. Dopamine ndiye amathandiza ubongo kulamulira kayendedwe ka thupi, choncho akachepa munthu amanjenjemera, minofu imauma, kuyenda ndi kuyankhula kumavuta. Mankhwala odalirika kwambiri ndi levodopa, amene akhala akugwiritsidwa ntchito kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1960. Mankhwalawa sachiritsa, amangochepetsa zizindikiro kwa maola angapo. Munthu akawamwa zaka zambiri amayamba vuto lina lotchedwa dyskinesia, pamene thupi limagwedezeka ndi kupotokola lokha mwini wake asakufuna. Fox anapezeka ndi matendawa m'chaka cha 1991 ali ndi zaka 29, anaulula poyera mu 1998, ndipo mu 2000 anakhazikitsa bungwe lothandiza kafukufuku wa matendawa. Pofika mu 2006 anali atamwa mankhwala kwa zaka zambiri. Kugwedezeka kumene anthu anaona pa kanema kunali dyskinesia, ndipo iye mwini anafotokoza pambuyo pake kuti kunabwera chifukwa cha mphamvu ya mankhwala m'thupi. Wodwala Parkinson amene sanamwe mankhwala kawirikawiri amauma, nkhope yake siyenda, ndipo mawu amatuluka movutikira.

Apa ndi pamene kulakwa kwa Limbaugh kunagona. Iye sanayambe ndi kufunsa ngati kafukufukuyo ndi woyenera kapena ngati zimene uthengawo unanena za Talent zinali zoona. Anayamba ndi kukana umboni wa thupi la munthu, pa nkhani imene iye sankaidziwa, ndipo anaigwira mozondoka. Pambuyo pake anati apepesa ngati analakwitsa, koma anaonjeza kuti Fox walola kuti matenda ake agwiritsidwe ntchito ndi andale. Kunena wodwala kuti akunamizira ndi mlandu waukulu kuposa kumutsutsa, chifukwa kumamulanda chinthu chimodzi chimene iye amachidziwa kuposa wina aliyense. Mwambi umati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Amene wagona mkati akhoza kudandaula kuti chitseko chatsekulidwa pa nthawi yolakwika, koma alibe njira yodziwira kuti m'mimba mwa mnzake simukupweteka. Komanso chitonzo chotere sichigwera munthu mmodzi. Odwala ambiri osatchuka, amene zizindikiro zawo zimabwera ndi kupita, amakhala kale ndi mantha oti abale ndi mabwana awo awayesa aulesi kapena achinyengo. Mawu onenedwa pa wailesi yomvedwa ndi dziko lonse amalimbitsa chikayiko chimenecho m'nyumba zambiri.

Otsatira Limbaugh anali ndi mfundo imodzi imene siyenera kunyalanyazidwa. M'buku la mbiri ya moyo wake lotchedwa Lucky Man, limene linatuluka mu 2002, Fox anavomera kuti pamene anakaonekera pamaso pa komiti ya Nyumba ya Senate mu 1999 anapita asanamwe mankhwala, n'cholinga choti aphungu aone matendawo mmene alili. Ena anati ichi ndi chinyengo, ndipo munthu amene anachita zimenezi kamodzi akhoza kuchitanso. Koma kunama ndi kuonetsa chinthu chimene kulibe. Zimene aphungu anaona tsiku limenelo zinali matenda enieni, amene mankhwala amawaphimba kwa kanthawi. Ngati panali chophimba, chinali mankhwalawo. Wodwala wotchuka amapezeka pampanipani: akabisa zizindikiro, anthu amati sakudwala kwenikweni ndipo nkhani yake si yachangu, akazionetsa, amati akufuna kuwagwira mtima. Palibe maonekedwe amene angasankhe oti sangamunenere kanthu. Chimene anthu angamupemphe mwachilungamo ndi chakuti asabise zimene wachita, ndipo pa nkhani ya 1999 iye anaulula yekha.

Izi sizitanthauza kuti zonse zimene Fox ananena zinali zosatsutsika. Mkangano weniweni unali pa miluza. Mu 1998 James Thomson wa ku yunivesite ya Wisconsin anakwanitsa kutenga maselo m'mluza wa munthu wa masiku pafupifupi asanu ndi kuwasunga amoyo mu labotale. Maselo amenewa, amene pa Chingerezi amatchedwa stem cells, akhoza kusanduka selo la mtundu uliwonse wa m'thupi, kuphatikizapo maselo a mu ubongo opanga dopamine. Koma powatenga mluzawo umawonongeka. Pa 9 Ogasiti 2001 Pulezidenti George W. Bush analamula kuti ndalama za boma zizithandiza kafukufuku wa maselo okhawo amene anali atatengedwa kale pofika tsikulo, ndipo mu Julaye 2006 anakana kusaina lamulo limene likanalola kuti ndalama za boma zithandize kafukufuku wogwiritsa ntchito miluza yotsala m'zipatala zothandiza osabereka. Kwa amene amakhulupirira kuti moyo wa munthu umayamba pa kutenga pathupi, kuwononga mluza ndi kupha, ngakhale cholinga chake chikhale kuchiritsa. Kwa ena, mluza wa masiku asanu, umene ulibe ubongo ndipo ukanatayidwa, sungafanane ndi munthu amene akuvutika. Funso ili ndi la chikhalidwe ndi chikhulupiriro, ndipo ululu wa munthu, ngakhale ukule bwanji, sungaliyankhe. Kunjenjemera kwa Fox kunaonetsa kukula kwa chimene chikufunika. Sikunaonetse kuti njira iliyonse yochipezera ndi yololedwa.

Panalinso zina zoti n'kumufunsa. Pa chisankho chomwecho anthu a ku Missouri ankavoteranso kusintha malamulo aakulu a chigawocho kuti ateteze kafukufukuyu, ndipo otsutsa ankati mawu a kusinthako akulola mtundu wina wa kupanga miluza mu labotale. Atafunsidwa pa wailesi yakanema ya ABC, Fox anavomera kuti sanawerenge chikalata chonsecho. Womudzudzula pa mfundo imeneyi sakanalakwa, pakuti munthu amene mawu ake akulowa m'mkangano wa chigawo chimene sakhalamo ayenera kudziwa zimene zikukanganiridwa. Uthenga wake unanenanso kuti Talent anafuna kuti sayansi yopatsa odwala chiyembekezo ikhale mlandu. Talent anali atathandizirapo bilu yoletsa kupanga miluza mwa njira ya cloning, koma anachotsapo dzina lake kumayambiriro kwa 2006. Ngati mawu a uthengawo anali achilungamo kapena ayi ndi nkhani imene anthu akanakambirana popanda kutchula mapewa a Fox. Kumbali ina, amene ankati iye ndi chida cha chipani chimodzi anayenera kukumbukira kuti mu 2004 anathandizanso Arlen Specter, amene pa nthawiyo anali wa chipani cha Republican, pa chifukwa chomwechi.

Zimene zinachitika ku Maryland chaka chomwecho zikuonetsa kumene mkangano umathera ululu ukayesedwa mfundo. Fox anajambulitsanso uthenga wothandiza Ben Cardin, amene ankapikisana ndi Michael Steele. Poyankha, a mbali ya Steele anatulutsa uthenga wawo mmene munayankhula mlongo wake, dokotala amene ankadwala multiple sclerosis, akutsimikizira ovota kuti mlongo wakeyo amasamala za odwala. Wodwala anayankhidwa ndi wodwala mnzake. Ngati kudwala kukanakhala kopereka chigamulo, ovota akanasowa pogwira, chifukwa mbali zonse zinali ndi wodwala wake. Anthu odwala matenda ofanana samaganiza mofanana, ndipo wotchuka amene waima pa kanema sanasankhidwe ndi odwala anzake kuti awaimire.

Chitsanzo cha kutsutsa koyenera chikupezeka pa nkhani ya Christopher Reeve, amene anatchuka ndi mafilimu a Superman. Reeve anafa ziwalo kuyambira m'khosi kutsika atagwa pa hatchi mu Meyi 1995, ndipo mpaka imfa yake mu Okutobala 2004 anamenyera kafukufuku wa msana ndi wa maselo a m'miluza. Mmodzi mwa omutsutsa anali Charles Krauthammer, wolemba nkhani amene anaphunzira udokotala ku Harvard ndipo nayenso anali wofa ziwalo chifukwa cha ngozi ya posambira ali wophunzira. Mu 2000 kampani ina inaulutsa chithunzi chokonzedwa ndi kompyuta choonetsa Reeve akuyenda, ndipo Krauthammer analemba kuti chiyembekezo chotere chikhoza kuvulaza anthu ongolumala kumene, chifukwa angamadikire machiritso m'malo mophunzira kukhala moyo pa njinga ya olumala. Reeve atangomwalira, John Edwards, amene ankapikisana nawo pa udindo wa wachiwiri kwa pulezidenti, anauza anthu kuti John Kerry akapambana, anthu onga Reeve adzadzuka n'kuyenda. Krauthammer anadzudzula lonjezo limeneli mwamphamvu. Sanakayikire kuti Reeve anavutika, ndipo sanamunyoze. Anatsutsa zonena, makamaka nthawi imene machiritso ankalonjezedwa.

Zaka zapitazi zaonetsa kuti chenjezo limenelo linali ndi maziko, ngakhale kuti omenyera kafukufukuwo nawonso sanasochere. Mu 2006 Shinya Yamanaka wa ku Kyoto anapeza njira yobwezera maselo wamba a mbewa kuti akhale ngati a m'mluza, mu 2007 anachita chimodzimodzi ndi maselo a munthu, ndipo mu 2012 analandira mphoto ya Nobel. Njira imeneyi inachepetsa mkangano wa miluza, komabe inamangidwa pa nzeru zotengedwa ku kafukufuku wa maselo a m'miluza. Mu Marichi 2009 Pulezidenti Barack Obama anachotsa chiletso cha Bush. Koma mpaka mu Epulo 2025 ndi pamene magazini ya sayansi ya Nature inafalitsa zotsatira za mayeso awiri aang'ono oika maselo opanga dopamine mu ubongo wa odwala Parkinson, amodzi ogwiritsa ntchito maselo ochokera ku mluza, ena ogwiritsa ntchito njira ya Yamanaka. Cholinga chachikulu cha mayesowo chinali kuona ngati njirayo ndi yosaopsa. Panali patapita zaka zoposa 18 chichitikire chisankho cha ku Missouri. Sayansi imayenda pang'onopang'ono pamene kampeni imafuna lonjezo la mawa, ndipo amene amalipira mtengo wa lonjezo losakwaniritsidwa ndi odwala osauka amene analikhulupirira. Kukumbutsa wodwala wotchuka za zimenezi ndi kuteteza odwala anzake.

Pali chidzudzulo china chozama, chokhudza kagawidwe ka ndalama. Thumba la kafukufuku lili ndi malire, ndipo matenda amene apeza nkhope yotchuka amamveka kuposa amene alibe. Malungo amapha anthu pafupifupi 600,000 pachaka, ambiri mwa iwo ana aang'ono a mu Africa, ndipo ana amenewo sangakaime pamaso pa komiti ya aphungu ku Washington. Mfundo imeneyi ndi yoona, ndipo aphungu ogawa ndalama ayenera kuyang'ana kuchuluka kwa ovutika ndi kuthekera kwa kafukufuku, osangotengeka ndi amene wabwera ndi makamera. Koma mlanduwo ndi wa ogawa ndalama ndi a nyumba zofalitsa nkhani. Wodwala amene wagwiritsa ntchito mawu amene ali nawo sanabe kanthu, ndipo iye akakhala chete ndalamazo sizipita zokha kwa ana a malungo. Mbiri ya kummwera kwa Africa ikuchitira umboni za mphamvu ya odwala oyankhula. Nkosi Johnson, mwana wobadwa ndi kachilombo ka HIV, anayankhula pa msonkhano wa dziko lonse wa Edzi ku Durban mu 2000 ndipo anamwalira chaka chotsatira ali ndi zaka 12. Zackie Achmat, mmodzi mwa oyambitsa Treatment Action Campaign mu 1998, anakana kumwa ma ARV mpaka mu 2003 pofuna kukakamiza boma la Thabo Mbeki kuti liwapereke m'zipatala za boma. Nayenso anasandutsa thupi lake lodwala kukhala mbali ya mkangano wa ndale. Akanati odwala asamalowe m'ndale, mankhwalawo akanachedwa kuposa mmene anachedwera.

Ena anganene kuti kusiyanitsa umboni ndi maganizo n'kosavuta pa pepala chabe. Uthenga wa pa kanema umakonzedwa kuti ugwire mtima, ndipo aliyense woyankha munthu wonjenjemera amaoneka wankhanza ngakhale atayankhula mofatsa motani. Kudandaula kumeneku kuli ndi choonadi chake, ndipo okonza kampeni amadziwa bwino mwayi umenewu. Komabe ndale zakhala zikudalira mboni kuyambira kale: msilikali wovulala, mayi wamasiye, mlimi amene mbewu zake zapsa. Lamulo lokhudza matenda likamakambidwa popanda wodwala kuonekera, aphungu amakambirana manambala okhaokha n'kuiwala chimene manambalawo akuimira. Chisoni chimene woonera amamva ndi mbali ya kudziwa nkhaniyo. Vuto limene wotsutsa amakumana nalo limamukakamiza kusankha mawu mosamala ndi kukhala pa mfundo, ndipo mtolo umenewu si wopanda chilungamo. Chosalungama chingakhale kumuuza kuti asayankhe n'komwe.

Ndipotu kumutchinjiriza wodwala ku mayankho onse kuli ndi chipongwe chake chobisika. Anthu amene sayankhidwa m'mudzi ndi ana ndi amene nzeru zawathawa. Akulu amangowagwedezera mutu n'kupitiriza nkhani yawo. Kuchitira munthu wamkulu chimodzimodzi chifukwa akudwala ndi kumuuza kuti maganizo ake salemera mokwanira kuti ayesedwe. Fox mwiniwake, poyankha pa wailesi yakanema ya CBS m'masiku a mkanganowo, anati safuna chifundo cha Limbaugh kapena cha wina aliyense. Munthu amene wawerenga za kafukufuku, wasonkhanitsa ndalama, wakambirana ndi asayansi ndi aphungu, amalemekezedwa pamene mfundo zake zatengedwa mozama, kuphatikizapo ndi amene akuzikana. Bungwe lake lapereka ndalama zoposa madola 2 biliyoni ku kafukufuku, ndipo mu 2023 kafukufuku amene linathandiza anatsimikizira njira yozindikirira matendawa poyeza madzi a mu msana. Ntchito yotere ndi ya munthu woyenera kukangana naye monga mnzako.

Pa 7 Novembala 2006 McCaskill anapambana, ndipo kusintha malamulo kuja kunavomerezedwa ndi mavoti pafupifupi 51 pa 100 alionse. Pafupifupi theka la ovota a ku Missouri linakana, ndipo sikungakhale koona kunena kuti onsewo anali ouma mtima. Ambiri anamva umboni wa wodwala, anaukhulupirira, n'kugamula mosiyana naye pa funso la mluza. Umenewo ndi ufulu wa nzika. Mu Febuluwale 2020 Limbaugh anauza omvera ake kuti wapezeka ndi khansa ya m'mapapo, ndipo anapitiriza kuyankhula za ndale mpaka pafupi ndi imfa yake mu Febuluwale 2021. Panali anthu amene anasekerera kudwala kwake pokumbukira zimene ananenera Fox, ndipo potero anachita cholakwa chomwe ankamudzudzula nacho. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Muyeso wake unali umodzi kwa amuna awiriwa: khansayo sinasandutse maganizo a Limbaugh kukhala oona, monganso Parkinson sanasandutse a Fox kukhala oona, ndipo onse awiri anali oyenera kukhulupiriridwa pa zimene matupi awo ankamva ndi kufunsidwa mafunso pa zimene ankafuna kuti boma lichite.